Kodi mumadziwa? Mabatani achidule othandiza alembi a ku Kachulu

Ku doko la Kachulu, kumene mabwato opita ku chilumba cha Chisi amanyamukira, zolembalemba sizisowa. Mlembi wa komiti ya asodzi ali ndi kaundula wa mabwato, amayi oumitsa matemba ali ndi mawerengero a ndalama za gulu, aphunzitsi ali ndi mayeso. Laputopu ikapezeka, imakhala yobwerekana, ndipo batire silichedwa kutha. Mabatani awa amafupikitsa ntchito.

Kodi mumadziwa kuti Ctrl ndi S amasunga zimene mwalemba? Dinani mabatani awiriwa pamodzi mukangomaliza ndime iliyonse. Moto ukatha mwadzidzidzi, mudzataya mizere yochepa chabe, osati lipoti lonse.

Kodi mumadziwa kuti chofufutidwa mwangozi chimabwerera? Dinani Ctrl ndi Z. Mukadinanso, kompyuta imabwereranso pambuyo sitepe ina. Mukapitirira muyezo, Ctrl ndi Y amabwezeretsa.

Kodi mumadziwa amene anatipatsa njira yokopera ndi kumata mawu? Ndi Larry Tesler pamodzi ndi anzake a ku Xerox PARC, ku America, m'zaka za m'ma 1970. Iye anamwalira mu 2020. Ctrl ndi C amakopera, Ctrl ndi X amadula, Ctrl ndi V amamata. Pa Windows 10 ndi 11, batani la Windows ndi V limaonetsa zinthu zingapo zimene mwakopera, bola muyambe mwaitsegula njirayi.

Kodi mumadziwa kuti Excel imaphatikiza yokha? Tinene kuti msungichuma walemba ndalama za ndowa za matemba zimene gulu lagulitsa, kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, nambala iliyonse m'kabokosi kake kutsikira m'munsi. Apite pa kabokosi kopanda kanthu kotsatira, adine Alt ndi =, kenako Enter. Zonse pamodzi zituluka pomwepo. Akakonza nambala ya Lachitatu, yankho lisinthanso lokha. Ctrl ndi ; amalemba deti la tsikulo.

Kodi mumadziwa kuti dzina limodzi limapezeka msanga pakati pa mayina zikwi? Mndandanda wa ana amene akhoza mayeso a MANEB ukabwera, musatopetse maso. Dinani Ctrl ndi F, lembani dzina la mwana kapena la sukulu, kompyuta ikufikitsani pamalopo.

Kodi mumadziwa kuti mizere yofiira pansi pa mawu a Chichewa sitanthauza kuti mwalakwitsa? Word imakhala ikufufuza mawuwo mu dikishonale ya Chingerezi. Dinani Ctrl ndi A kuti musankhe zonse, pitani pa Review, kenako Language, muchonge pamene pakuletsa kuunika masipelo. Mizere ija ichoka.

Kodi mumadziwa kuti chilembo cha ŵ chimalembeka mu Word? Lembani 0175, ndipo musanadumphe mpata dinani Alt ndi X. Chachikulu chake, Ŵ, ndi 0174.

Kodi mumadziwa chochita pulogalamu ikauma? Musathamangire kuzimitsa. Ctrl, Shift ndi Esc amatsegula Task Manager, pamene mungatseke yokhayo imene yavuta. Njira yakale ya Ctrl, Alt ndi Delete anaikonza David Bradley wa ku IBM, pa kompyuta imene kampaniyo inatulutsa mu 1981.

Kodi mumadziwa kuti tsamba la pa intaneti lotsekedwa mwangozi limatsegukanso? Mu Chrome, Edge kapena Firefox, dinani Ctrl, Shift ndi T.

Kodi mumadziwa kuti kompyuta ili ndi loko? Batani la Windows ndi L limaitseka nthawi yomweyo. Ngati munaika pasiwedi, palibe angaone ndalama za gulu kapena mayeso a ana inu mutatuluka.

Kodi mumadziwa kuti foni nayo ili ndi zake? Imbani *#06# ndipo muona nambala ya IMEI, ya manambala 15. Ilembeni m'kope, chifukwa foni ikabedwa apolisi amaifuna. Pa WhatsApp, ikani kanyenyezi kumayambiriro ndi kumapeto kwa mawu, monga *mlamba*, ndipo atuluka okhuthala. Wogula ali ku Zomba kapena ku Limbe aona mtengo wanu mosavuta.

Musaloweze zonsezi tsiku limodzi. Lembani atatu papepala, mumate pambali pa kiyibodi, muziwagwiritsa ntchito mpaka zala zizolowere, kenako muwonjezere ena. Ndipo mukadziwa, phunzitsani wachiwiri wanu mu komiti, kuti tsiku limene mwadwala kapena muli ku maliro, kaundula alembedwebe.