MACHEKA A INJINI NDI BWATO LA KWA NYACHIKADZA

Munthu wa kwa Nyachikadza, m'boma la Nsanje, sangakhale popanda bwato. Dera limeneli lili m'mbali mwa mtsinje wa Shire, m'madambo a Ndindi, kumalire ndi dziko la Mozambique. Wodwala akafuna chipatala, mayi akafuna kukagulitsa nyemba kapena mbatata, onse amayamba atsikira kudooko. Chichitikire chigumula cha 1997, pamene boma linauza anthu kuti asamukire kumtunda, ambiri anakana kusiya nthaka yachonde imene inalera makolo awo. Motero bwato, limene Asena amalitcha mwadiya, ndilo msewu wawo, ndiponso ndilo linapulumutsa miyoyo pa madzi osefukira a 2015 ndi pa namondwe Freddy m'mwezi wa March 2023.

Tsono bwato ndi mtengo. Kale mmisiri ankagwetsa mtengo waukulu ndi nkhwangwa, nausema ndi nsompho kwa masabata angapo. Masiku ano kuli macheka a injini, amene ambiri amangowatcha kuti chainsaw, ogwetsa pa kamphindi mtengo umene ukanatopetsa amuna awiri tsiku lathunthu. Funso limene limavutitsa munthu wosunga ndalama za nyemba zaka ziwiri kuti awagule ndi ili: kodi makinawa adzapirira ntchito yakalavulagaga kwa zaka zingati?

Makina amenewa si achilendo pa dziko lapansi. Andreas Stihl wa ku Germany anapanga oyendera magetsi m'chaka cha 1926, ndipo oyendera petulo anawatulutsa mu 1929. Oyambawo anali olemera kotero kuti ankawagwira anthu awiri. Mano a tcheni amene tikuwaona lero anawakonza Joseph Cox wa ku America mu 1947, ataonerera mmene mphutsi ya kachirombo kofumbula mitengo imadyera thabwa. Onsewa ankaganiza za nkhalango zozizira zakwawo. Dzuwa la ku Nsanje, kumene mwezi wa October kutentha kumapyola madigiri 40, silinali m'maganizo mwawo.

Mtima wa macheka ndi kainjini kakang'ono kamene kamazungulira kopitirira 10,000 pa mphindi imodzi. Kainjinika kalibe mosungira oyilo monga injini ya galimoto. Oyilo wake amasakanizidwa ndi petulo. Muyeso umene opanga ambiri amalamula ndi wakuti pa malita 5 a petulo pathiridwe mamililita 100 a oyilo wopangidwira injini zoterezi. Apa ndi pamene macheka ambiri amafera. Wina pofuna kupulumutsa ndalama amachepetsa oyilo, wina amathira wakuda wokhuthulidwa m'galimoto. Tsiku loyamba palibe chooneka. Koma m'katimo pisitoni imakhala ikukhulana ndi chitsulo chinzake, ndipo tsiku lina, dzuwa lili paliwombo, injini imangoti zii, osadzukanso. Mwini wake amatukwana wogulitsa, chonsecho anawapha yekha.

Petulo nayenso ali ndi nkhani yake. Kuyambira mu 1982 petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, woyamba kupangidwa ku Dwangwa, kenaka kuyambira 2004 ku Chikwawa komwe kuno. Ethanol amakoka chinyontho, ndipo m'dambo chinyontho sichisowa. Petulo akagonera miyezi m'thanki amayamba kulekana, madzi nakhala pansi, pamene timapaipi tamphira ndi tizikopa ta m'kabureta timauma n'kung'aluka. Wodziwa ntchito yake akamaliza nyengo yodula amakhuthula thanki, naliza injini mpaka izime yokha. Nanga uja wogula petulo wa m'mabotolo m'mbali mwa msewu, adziwa bwanji chimene chathiridwamo?

Mdani wachiwiri ndi mchenga. Shire akasefukira amasiya matope m'makungwa a mitengo ndi pa zipika zimene wakokolola kumtunda. Chipika chotere chimaoneka ngati mphatso yaulere, komatu mano a tcheni akangokhudza mchenga amabuntha nthawi yomweyo. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona. Tcheni chakuthwa chimalavula tizibanthu ta mtengo, pamene chobuntha chimatulutsa utuchi wosalala ngati ufa woyera. Pamenepo wodulayo amayamba kukanikiza ndi mphamvu, injini imatentha, ndipo chitsulo chimene tcheni chimazungulirapo chimapsa m'mbali. Mtengo wouma gwa ngati tsanya, umene umamera m'chigwa muno, umafulumizitsa zonsezi. Mankhwala ake ndi tupa, kusenda makungwa asanayambe kudula, kupukuta sefa ya mpweya madzulo alionse, ndi kusaiwala oyilo wa tcheni amene ali ndi thanki yakeyake. Ndi ntchito yotopetsa, yosaoneka bwino pamaso pa anthu odzaonerera, koma paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Palinso macheka otsika mtengo amene amapakidwa utoto wofanana ndi wa makampani otchuka. Ndi chikomekome cha mkuyu. Opangidwira munthu wodula nkhuni pakhomo kamodzi pa mwezi sangafanane ndi opangidwira kugwira ntchito m'nkhalango tsiku ndi tsiku, ngakhale kulira kwake kukhale kumodzi.

Komabe ngakhale macheka enieni, osamalidwa bwino, amene angathe kutumikira munthu zaka zambiri, ali ndi chilema chimodzi kwa Nyachikadza: akadwala, sing'anga wake ali kutali. Nkhwangwa ikaguluka mpini, mpini wina uli kuseri kwa nyumba. Ikabuntha, mwala ulipo. Ikang'aluka, wosula zitsulo ali m'mudzi momwemo. Macheka akathyoka kachitsulo kochepa ngati chikhadabo, mwini wake ayenera kuwoloka pa bwato, kukwera galimoto pa Nsanje Boma, kudutsa Bangula ndi Nchalo, kukwera zitunda za Thabwa mpaka ku Blantyre, ulendo wa makilomita pafupifupi 180, osadziwa ngati akakapeza. Masiku onsewo ntchito yaima.

Chodetsa nkhawa n'chakuti macheka akalimba, chimene chimayamba kutha ndi mitengo. Mtondo kapena mbawa woti n'kutulukamo bwato lonyamula anthu khumi umakula kwa zaka makumimakumi, ndipo m'dambo simumera mitengo yotere yochuluka. Ku Chikangawa, nkhalango ya paini ya mahekitala 53,000 inaphwasuka m'zaka zowerengeka ocheka matabwa atachuluka ndi moto utalusa. Nkhalango ya Matandwe, m'mapiri a Nsanje, ndi yotetezedwa, ndipo lamulo la za nkhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020, sililola munthu kudulamo mtengo popanda chilolezo. Ku Khulubvi, kumene kuli kachisi wa Mbona, mitengo yatsala chifukwa cha mwambo woletsa kuidula.

Ndipo pa bwato penipeni macheka amathera panjira. Angagwetse mtengo, angadule nsonga, angatemeteme m'kati kuti kukumba kupepuke. Koma khoma la bwato likayamba kupyapyala, mmisiri amawaika pambali. Amatenga nsompho, nasema pang'onopang'ono, akugogoda ndi chala ndi kumvetsera kulira kwa mtengo, pakuti dzino la tcheni likangopyola kamodzi, mtengo wa zaka makumi asanu wasanduka nkhuni.