Fumbi la m'kati mwa galasi la mawochi a galimoto

Tinanyamuka ku Chipata tambala woyamba atangolira, ine ndi alamu anga, pa ulendo wa ku Lusaka. Munali m'mwezi wa Okutobala, ndipo galimoto yao inali itayenda cilimwe conse m'miseu ya fumbi ya kumidzi, kututa cimanga ndi nshawa. Titapitirira Nyimba ndi kuyamba kukwera mapiri a ku Kacholola, dzuwa linatulukira kumbuyo kwathu ndi kuwomba pa kagalasi kaja ka kutsogolo kwa woyendetsa, kamene kamachinga mawochi a galimoto. Kagalasi konse kanayera mbuu, osaonekanso manambala kapena timivi.

Ndinafunsa kuti, "Alamu, kodi kamuvi ka kutentha kwa injini mukukaona?" Iwo anapukuta ndi cikhatho, koma sipanasinthe kanthu, pakuti fumbilo linali m'kati. Anangoti, "Galimoto iyi ndiidziwa, alamu, musade nkhawa." Posakhalitsa nthunzi inabuka ku boneti. Paipi ya madzi inali itang'ambika, ndipo kamuvi kanali katafika kale pofiira popanda wokaona. Injini inapsa gasiketi, ndipo ndalama zimene anasungira feteleza zinathera kwa amakanika.

Mawochi ndiwo pakamwa pa galimoto

Owerenga okondedwa, galimoto ilibe mau ena okambira nafe koma mawochi amenewa ndi tinyali tace. Sipidomita itiuza liwiro, geji ina itiuza za mafuta, inanso za kutentha kwa injini, kumene pa galimoto zambiri kuyenera kukhala ca m'ma digiri 90. Kanyali kofiira ka oilo kakayaka muli pa ulendo, ndiye kuti oilo sakuzungulira bwino, ndipo muyenera kuima ndi kuzimitsa injini msanga. Kanyali ka batire kakayaka, ndiye kuti batire sikulandira moto. Fumbi likaphimba zonsezi, woyendetsa afanana ndi munthu amene watseka makutu pamene mwana akulira m'nyumba.

Nanga fumbilo lilowa bwanji pamalo potseka? Bokosi la mawochi silinamatidwe kotheratu. Lili ndi timipata m'mbali ndi kumbuyo, ndipo pa galimoto zambiri pali kabowo pamene patulukira kandodo kobwezera makilomita a ulendo pa ziro. Galimoto ikamagwedezeka m'mabampu, fumbi losalala ngati ufa limalowa pang'onopang'ono ndi kukakamira m'kati. Masana ena simungalione, koma dzuwa la m'mawa kapena la madzulo likawomba cam'mbali kapena cakumbuyo, limaonekera lonse.

Si galasi leni-leni

Cinthu coyamba kudziwa ndi ici: cimene timacichula galasi ndi pulasitiki yoonekera, yofewa kopambana galasi la pa zenera. Mu fumbi muli timcenga tolimba, motero mukalipukuta ndi nsalu youma, nyuzipepala kapena cikhatho, mumakanda pulasitikiyo. Komanso kupukuta kouma kumacititsa pulasitiki kukoka fumbi lina, monga muja cipeso cokhuzidwa m'tsitsi cimanyamulira tizidutswa ta pepala. Petulo, thina, sipiriti ndi mankhwala opukutira mazenera zisayandikire pamenepo, cifukwa zingathe kuiyeretsa ngati mkaka kapena kuing'amba timing'alu tosatha kukonzeka.

Kumasula

Nchitoyi ifuna sikuludiraiva, sipanala yomasulira batire, kawiri-kawiri ya nambala 10, kaburashi kofewa kouma, nsalu yoyera yofewa, beseni la madzi ofunda pang'ono ndi sopo wamadzi wotsukira mbale. Sankhani malo a mthunzi, opanda mphepo. Ana akhale patali, pakuti tisikuluwu sitiwacedwa kulowa m'kamwa.

Zimitsani injini, cotsani kiyi, ndipo masulani waya wa ku mbali ya batire yolembedwa kamzere kamodzi kogona. Dikirani mphindi zingapo, makamaka ngati galimoto ili ndi matumba a mpweya oteteza pangozi. Dziwani kuti wochi ya nthawi ndi wailesi zidzafuna kuchunidwanso. Tsitsani ciwongolero mpaka pansi, ndipo yalani nsalu pamwamba pace kuti pasakandike.

Kuzungulira mawochi pali cimango ca pulasitiki yakuda, cogwidwa ndi tisikuluwu tiwiri kapena tingapo ndi timano tobisika. Masulani tisikuluwu, ikani m'kambale, ndipo kokani cimangoco mofatsa. Cikakana, ndiye kuti pali sikuluwu ina imene simunaione. Pulasitiki yokalamba ndi dzuwa imathyoka msanga, tsono musaikakamize. Kenaka masulani tisikuluwu togwira bokosi la mawochi, nthawi zambiri titatu kapena tinai, ndi kulipendeketsa kwa inu. Kumbuyo kwace kuli mapulagi a mawaya. Dinikizani kano kace ndi kukoka pulagi yeniyeniyo, osati mawaya. Pa galimoto zakale mudzapezanso cingwe ca sipidomita cocokera ku giyabokosi, cimene cifuna kumasulidwa naconso. Bokosi likakhala kunja musayatse galimoto, cifukwa pa galimoto zatsopano kompyuta imalemba colakwa, ndipo tinyali tina tingakane kuzima.

Kutsuka

Pitani nalo bokosilo m'nyumba, pa tebulo loyalidwa nsalu, ndipo sambani m'manja. Kagalasi kamagwidwa ndi timano tozungulira m'mphepete. Tsegulani kamodzi-kamodzi mpaka kagalasi katamasuka kokha. Mukapeza kuti nkomatidwa ndi guluu, lekani pomwepo ndi kupita kwa mmisiri. Safunsa anadya phula.

Yambani mwatsanulira madzi pa kagalasi kuti mcenga ucoke wokha. Kenaka kabviikeni m'madzi a sopo ndi kukasisita mopepuka ndi nsonga za zala. Tsukuluzani ndi madzi oyera, kaimikeni kuti kadonthe, ndipo gusani madontho otsala ndi nsalu yofewa popanda kukhuza. Kaume kotheratu, pakuti cinyezi cikatsekeredwa m'kati cidzacita nkhungu m'mawa wa m'nyengo yozizira, ndipo cingaononge za magetsi.

Pa nkhope ya mawochi, pamene palembedwa manambala, ndipo pofuna kusamala koposa. Madzi asafikepo, zala zisakhudzepo, cifukwa cidindo ca cala sicicoka pa utoto umenewo. Sesani fumbi ndi kaburashi kofewa, kapena lipemereni ndi kampira kopopera mpweya. Musauzire ndi pakamwa, malobvu amasiya madontho, ndipo mpweya wa kompuresa ya pa galaja ndi wamphamvu kwambiri, nthawi zina umatuluka ndi madzi kapena oilo. Koposa zonse, timivi musatikankhe kapena kutizula. Kamuvi kakasuntha pa tsinde lace, kadzanama masiku onse: mudzayesa muli pa 80 pamene muli pa 100, kapena kuti mafuta alimo pamene thanki yauma. Pamenepo mwacotsa fumbi ndi kulowetsa bodza. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Kubwezera

Yang'anani kagalasi pa kuwala musanatseke, kenaka bwezerani zonse monga munazipezera, ciriconse cilire kuti tha pamalo pace. Mangani batire, ndipo tembenuzani kiyi osaliza injini. Tinyali ta macenjezo tiyenera kuyaka, ndipo injini ikalira, ka oilo ndi ka batire tizime. Yendani pang'ono kuti muone ngati timivi tonse tikugwira nchito.

Kuti fumbi lisabwerere msanga, tsekani mazenera pa mseu wa fumbi ndi kuchuna mpweya kuti uzizungulira m'kati momwemo, makamaka mukamatsata galimoto ina. Pukutani dashibodi ndi nsalu yonyowa pang'ono, ndipo sinthani sefa ya mpweya wa m'kati ngati galimoto yanu ili nayo.

Alamu anga aja anatsuka kagalasi kao Loweruka lina masana, injini itabwera kwa amakanika. Nchito yonse inawatengera ola limodzi ndi kadontho ka sopo. Inu amene mumanyamula banja, odwala ndi zokolola pa galimoto yanu, kayang'aneni kagalasi kanu mawa dzuwa likamatuluka.