Aneni a Chingerezi Onena za Kayendedwe ndi Kadumphidwe

Pa maphunziro amene timachita ndi aphunzitsi, taona kuti ambiri akakumana ndi liwu la Chingerezi amathamangira kulimasulira m'Chipwitikizi. Njira imeneyi imathandiza nthawi zina, koma pa aneni onena za kayendedwe imasokoneza. Mwana akauzidwa kuti *walk* ndi *stroll* onse ndi *andar*, ndipo *jump*, *hop* ndi *leap* onse ndi *saltar*, amaloweza mawu asanu koma matanthauzo awiri okha. Chikhalirecho mwana wa ku Angónia kapena wa m'mphepete mwa nyanja ku Niassa amafika kusukulu akudziwa kale kusiyanitsa kutsimphina ndi kudzandira. Nzeru imeneyi ndiyo tiyambirepo.

Aneni ena ali ndi anzawo olingana nawo m'Chinyanja. *Limp* ndi kutsimphina, monga munthu wolasidwa ndi minga. *Stagger* ndi kudzandira, monga woledzera kapena wodwala amene wangodzuka pa mphasa. *Crawl* ndi kukwawa kwa khanda, pamene *march* ndi kuguba kwa asilikali. *Tiptoe* ndi kunyang'ama moponda ndi zala zokha, monga mwana wosafuna kudzutsa agogo ake. Apa mvekero amathandiza kwambiri. Tikati "akuyenda dzandidzandi" kapena "analowa nyang'anyang'a", ana amaona chithunzi m'maganizo mwawo tisanatchule n'komwe liwu lachilendo.

Aneni ena alibe liwu limodzi lolingana nawo, ndipo tisaumirize kuti lipezeke. *Stroll* ndi kuyenda pang'onopang'ono wopanda chokufulumiza, kumene timati kuwongola miyendo. Vuto lalikulu lili pa kudumpha, pakuti liwu lathu limodzi Chingerezi chimaligawa panayi. *Jump* ndiye mneni wa kudumpha kulikonse. *Hop* ndi kudumpha ndi mwendo umodzi monga pa masewera a phada. Amanenanso za chule, kalulu kapena kambalame kodumpha pafupipafupi ndi miyendo yonse pamodzi. *Leap* ndi kudumpha kwamphamvu kofika patali kapena pamwamba, monga gwape wowoloka ngalande. *Skip* ndi kuyenda modumphadumpha mosinthanitsa miyendo, monga mwana wokondwa. Ndiponso ndi kudumpha chingwe. Mneni yemweyu amatanthauzanso kusiya chinthu pakati, ndipo apa zilankhulo ziwirizi zimagwirizana: ifenso timati wadumpha tsamba.

Palinso kusiyana kwa kapangidwe ka chiganizo kumene mphunzitsi ayenera kukudziwa. Katswiri wa zilankhulo Leonard Talmy anaonetsa kuti Chingerezi chimakonda kuika kayendedwe mwa mneni wamkulu, n'kusiyira timawu monga *into*, *out of* ndi *across* ntchito yosonyeza kolowera. Chinyanja ndi Chipwitikizi nthawi zambiri zimachita mosiyana: mneni wamkulu amasonyeza kolowera, kayendedwe n'kubwera pambuyo. N'chifukwa chake *She limped into the house* timati "Analowa m'nyumba akutsimphina", ndipo *The frog hopped across the path* timati "Chule anawoloka njira akudumpha". Mwana wosauzidwa zimenezi amafunafuna liwu la kulowa m'chiganizo cha Chingerezicho, osalipeza, n'kuganiza kuti sanamve.

Phunziroli likhoza kuyenda motere. Choyamba, tulukani ndi ana pabwalo. Aneni awa amaphunzirika bwino ndi miyendo kuposa ndi choko. Mwana mmodzi achite kayendedwe kena, anzake akatchule m'Chinyanja. Akasiyana maganizo, asiyeni atsutsane pang'ono, pakuti mkangano wotere umanola tanthauzo. Chachiwiri, tchulani liwu la Chingerezi kangapo pamene mwanayo akuchitabe, ndipo kalasi yonse ibwereze ikuchita chimodzimodzi. Aneni anayi kapena asanu ndi okwanira pa tsiku limodzi. Chachitatu, bwererani m'kalasi ndi kulemba pa bolodi mizere itatu: Chinyanja, Chipwitikizi ndi Chingerezi. Pamene palibe liwu limodzi, lembani mawu ofotokoza, ana aone ndi maso kuti chilankhulo chilichonse chili ndi kagawidwe kake. Potsiriza, mwana aliyense apange chiganizo chimodzi chonena za nyama kapena munthu wa m'nthano.

Tichenjezepo chinthu chimodzi. M'kalasi mukhoza kukhala mwana wolumala mwendo, kapena amene kwawo kuli kholo lodziwika ndi mowa. Kutengera kutsimphina ndi kudzandira kumaseketsa, ndipo chiseko chotere chimapweteka msanga. Aneni awiriwa achite mphunzitsi mwini, ndipo anene chifukwa chake poyera: "Ndaponda minga", kapena "Ndazungulira kwambiri, mutu ukuchita chizungulire". Motero ana amaseka minga, osati mnzawo.

Ntchito: sankhani aneni asanu a Chinyanja cha kwanu onena za kayendedwe amene sitinawatchule pano. Yesani kupeza a Chingerezi olingana nawo, ndipo pamene palibe, lembani m'mene mungafotokozere kwa ana.