Agogo akagwa, mphika umazima: tiwathandize kuima molimba

Anzathu a m'makalabu a achinyamata, tayang'anani m'mudzi mwanu. Ndani akulera ana amene makolo awo anapita ndi Edzi? Nthawi zambiri ndi agogo, kaya asekulu kapena abuya monga timanenera kuno ku Rumphi. Ndiwo amatunga madzi, kutola nkhuni ndi kukumbutsa mdzukulu kumwa ma ARV. Nanga agogowa atagwa n'kuthyoka fupa la m'chiuno, anawo awaone ndani?

Kugwa si nkhani yamasewera

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2007 kuti pa anthu atatu alionse a zaka 65 kupita m'tsogolo, pafupifupi mmodzi amagwa chaka chilichonse. Munthu akamakula minofu ya m'miyendo imafooka, maso amachita mdima, ndipo mafupa amathyoka msanga koma kuchira mochedwa. Kwathu kuno n'kwamapiri. Taganizirani njira za ku Phoka, kapena zotsika kuchokera ku Livingstonia, m'mene zimatererera nthawi ya mvula.

Palinso china. Ma ARV aulere anayamba mu 2004, ndipo ambiri amene anayamba kumwa nthawi imeneyo lero ndi agogo. HIV yeniyeniyo, matenda a shuga, komanso mankhwala akale a stavudine amene boma linayamba kuwasintha mu 2011, zimachititsa dzanzi kumapazi. Phazi la dzanzi silimva bwino pamene laponda, ndiye kupunthwa sikuchedwa.

Tingachitepo chiyani?

Thupi limaphunzira kukhazikika ngakhale munthu akalambe. WHO imalangiza okalamba kuchita masewera olimbitsa miyendo ndi kuima kwawo masiku atatu kapena kuposera pa sabata. Sizifuna ndalama ayi. Yesani izi:

1. Kudzuka pampando. Agogo akhale pampando wolimba, adzuke, akhalenso pang'onopang'ono. Ayambe ndi kasanu, kenako kakhumi. Akazolowera, asamagwire ndi manja.

2. Kuima ndi mwendo umodzi. Agwire nsanamira ya khonde, akweze phazi limodzi, inu muwerenge mpaka 10. Asinthe mwendo.

3. Kuyenda pamzere. Lembani mzere pabwalo ndi kamtengo. Ayende moti chidendene chizikhudza zala za phazi linzake.

4. Kuyenda cham'mbali ngati nkhanu, mapazi khumi kumanja, khumi kumanzere.

5. Kulumpha zitsononkho. Zindandalikeni motalikirana, agogo azidutsa pamwamba pake akukweza bondo. Zimenezi zimathandiza kudutsa mizu ndi miyala m'njira.

Imbani kanyimbo, ombani m'manja. Amene anavinapo malipenga paunyamata wawo sachedwa kukumbuka sitepe!

Chenjezo

Imani pafupi nawo nthawi zonse, ndipo sankhani malo osaterera. Akamva chizungulire, kupweteka pachifuwa kapena befu, alekeretu. Ngati amagwaigwa, ali ndi BP, kapena mapazi achita dzanzi, yambani mwawaperekeza kwa alangizi a zaumoyo, kuchipatala chaching'ono monga cha Bolero kapena Mhuju, kapena kuchipatala chachikulu pa Rumphi boma. Asasiye okha mankhwala alionse. Adokotala ndiwo angasinthe.

Pakhomo napo pakonzedwe. Chotsani mtondo, makasu ndi zingwe panjira, salazani njira ya kuchimbudzi, ndipo usiku pakhale tochi pafupi ndi mphasa.

Pitani mwaulemu. Musakawalamule ngati ana. Mukhoza kuyamba motere: "Agogo, tabwera kudzacheza, tiphunzitseniko gule wakale, ifenso tikuonetseni wathu."

Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Pamsonkhano wanu wotsatira, lembani makomo amene agogo akulera ana amasiye, mugawane awiriawiri, ndipo musankhe masiku atatu pa sabata oti muziwayendera.