Shuga akatsika ndi shuga akakwera

Mlimi wa kachewere ku Tsangano ndi mlimi wa fodya ku Macanga akhoza kudwala nthenda imodzi ya shuga, kumwa mapiritsi amodzimodzi, koma n'kugwa m'munda pa zifukwa zosiyana. Wina shuga wamuchepera m'magazi, wina wamuchulukira. Onse amafooka, onse maso amachita chidima, ndipo onse akhoza kukomoka. Achibale afunika kudziwa kusiyanitsa ziwirizi, chifukwa chodzutsa woyambayo sichichiza wachiwiriyo.

Kusiyana kwakukulu kuli pa liwiro. Shuga akatsika kupyola 3.9 mmol/L, kapena kuti 70 mg/dL, zizindikiro zimadza m'mphindi zowerengeka. Munthu amene amapalira bwinobwino amangoona khasu likugwedezeka m'manja, malaya atanyowa ndi thukuta ngakhale kuli chisanu cha June cha kumapiri a Tsangano. Njala imamuwawa, mtima umathamanga, amapsa mtima pa zazing'ono, kenako lilime limalemera ndipo amayenda modzandira. Shuga akakwera, zinthu zimayenda pang'onopang'ono, kwa masiku kapena milungu. Ludzu silitha, usiku amadzuka kangapo kukataya madzi, milomo imauma, thupi limatha, ndipo zikafika poipa amasanza, kupuma mozama ndi kuodzera. Wotsika shuga khungu lake limanyowa ndi kuzizira. Wokwera shuga lake limauma.

Zoyambitsa nazo n'zosiyana. Kutsika kumakonda kugwira munthu amene akutsata mankhwala: wabaya insulini kapena wamwa glibenclamide m'mawa, n'kulawirira kumunda asanadye, kapena wamwa kachasu m'mimba muli mbee. Metformin payekha sakonda kutsitsa shuga motere. Kukwera kumakonda kugwira amene mankhwala amuthera, mwina chifukwa ntchito yosoka fodya pachigafa yachedwetsa ulendo wa kuchipatala ku Furancungo, kapena amene chilonda chatukusira, kapena amene wachulutsa zotsekemera.

Zonse ziwiri zimanamiza anthu. Wotsika shuga akayamba kulankhula zosamveka pamsika wa Biriwiri, anthu amati waledzera n'kumulambalala. Wokwera shuga akamangogona ndi kumwa madzi, apabanja amati ndi kutopa kwa ntchito kapena ukalamba. Woyambayo amatayidwa ndi anthu osamudziwa, wachiwiriyo amachedwetsedwa ndi anthu omukonda.

Chithandizo cha wotsika shuga chili pafupi. Ngati akutha kumeza, apatsidwe magalamu 15 a shuga, omwe ndi matiyisupuni atatu kapena anayi osungunulira m'madzi, kapena theka la kapu ya Fanta. Pakatha mphindi 15 osasintha, apatsidwenso, ndipo akatsitsimuka adye nsima kapena mbatata kuti asagwenso. Akakomoka asathiridwe kanthu m'kamwa kuopa kumutsamwitsa. Agonekedwe cham'mbali ndi kuthamangira naye kuchipatala. Chithandizo cha wokwera shuga chili kutali: amwe madzi ambiri ali m'njira, koma kuyeza magazi, dilipi ndi insulini zili m'manja mwa achipatala.

N'kovuta kunena kuti choopsa kwambiri ndi chiti. Kutsika kukhoza kuwononga ubongo tsiku lomwelo. Kukwera kumadya maso, impso ndi mapazi kwa zaka, ndipo nthawi zina kumapha m'masiku ochepa. Pamene palibe kachipangizo koyezera, ndipo wodwala wasokonezeka mwadzidzidzi koma akumeza, ndi bwino kumupatsa shuga. Matiyisupuni anayi saonjezera kwenikweni vuto la wokwera shuga, pomwe kwa wotsika ndiwo moyo. Odwala ena a zaka zambiri samvanso kunjenjemera kowachenjeza, choncho mkazi, mwamuna, mwana ndi mnzawo wakumunda ayenera kudziwa zizindikirozi monga mwini wake, ndipo shuga akatsika kawirikawiri anamwino auzidwe kuti aunikenso mlingo wa mankhwala.