Madzi a ku Kariba ndi Nkhokwe ya Pakhomo

M'caka ca 2024 cilala cinapsereza cimanga m'minda yathu, ndipo magetsi anali kuzima mpaka maola 21 pa tsiku. Zigayo zinaima, mapampu a madzi analeka kugwira nchito. Kodi mvula ndi magetsi zigwirizana bwanji?

Magetsi ambiri a dziko lathu amapangidwa ndi madzi, makamaka ku Kafue Gorge ndi ku Kariba. Damu la Kariba, lomwe linatha kumangidwa mu 1959, lili ngati nkhokwe ya madzi. Madziwo timagawana ndi Zimbabwe, ndipo bungwe la Zambezi River Authority limauza dziko lililonse mlingo wa madzi oti ligwiritse nchito pa caka.

Vuto ndi ili: madzi amene tatsegula lero kuti azungulitse makina sabwereranso. Tikatsegula ambiri, mvula n'kukana, caka camawa tidzakhala mu mdima. Tikaumira kwambiri, mvula n'kugwa yoculuka, ndiye kuti tavutitsa zipatala ndi zigayo pacabe. Yosefe ku Aigupto anadziwiratu za zaka 7 za njala. Akatswiri a magetsi alibe mwayi umenewo.

Nanga amatani? M'maiko ambiri amatsata njira imene pa Cingelezi amaicha stochastic optimisation. Sadalira ulosi umodzi wa nyengo ai. Amatenga zolembedwa za madzi a mumtsinje za zaka zambiri zapitazo, napanga zitsanzo za zaka zosiyanasiyana: za mvula yambiri, za mvula yapakati, ndi za cilala. Citsanzo ciliconse amacipatsa kulemera kwake molingana ndi m'mene caka cotere cimabwerera kawirikawiri. Kenaka kompyuta imayesa dongosolo lililonse la katsegulidwe ka madzi pa zitsanzo zonsezo, ndi kuwerengera mtengo wa magetsi a malasha monga a ku Maamba, a ogula kunja, ndiponso zimene anthu amataya magetsi akazima. Dongosolo losankhidwa ndi lija limene citayiko cake cicepa tikaphatikiza zaka zonse pamodzi, ngakhale kuti silipambana pa caka cabwino. Mvula ikayamba kuoneka m'mene iliri, amawerengeranso ndi kukonza dongosololo.

Nzeru yomweyi itithandize ifenso. Tisagulitse cimanga conse pokolola poganiza kuti mvula idzakhala yabwino. Tisadalire mbeu imodzi: pambali pa cimanga coca msanga tibzale mapira, cinangwa ndi nyemba. Mwezi wa Januwale ukafika, banja likhale pansi, lione m'munda ndi m'nkhokwe, ndi kugawanso cakudya cotsala.

Tipempha akulu a mpingo ndi atumiki kuti akambirane nkhani iyi m'magawo ao, osaiwala amasiye ndi okalamba amene nkhokwe zao zilibe kanthu. Mvula ili m'manja mwa Mulungu, koma ukapitao wa zimene watipatsa kale uli m'manja mwathu.