Kuika Bampala Yachitsulo pa Galimoto Zoyenda M'misewu Yafumbi

Munthu akapatuka mumsewu wa M1 pa Mtengowanthenga kulowera kumapiri a Dowa ndi Ntchisi, amakumana ndi misewu yokumbika komanso mbuzi ndi ng'ombe zodutsa mwadzidzidzi. N'chifukwa chake eni galimoto monga Toyota Land Cruiser ndi Hilux amachotsa bampala yakufakitale n'kuikapo yachitsulo. Nkhani ino ifotokoza momwe ntchitoyi imagwiridwira komanso kuopsa kwake.

Poyamba, makaniko amamasula bampala yakale pamodzi ndi mawaya a nyali. Kenako amamangirira yatsopano ku chesisi, chomwe ndi msana wa galimoto, pogwiritsa ntchito mabawuti olimba. Kuwotcherera pachesisi si kwabwino chifukwa moto umafooketsa chitsulo. Bampalayo isatseke mphepo yopita ku rediyeta, kuopa kuti injini ingatenthe pokwera chitunda. Isaphimbenso nyali kapena nambala. Popeza chitsulo n'cholemera, masipuling'i akutsogolo ayenera kuunikidwa.

Komabe, chitsulo chotchinjiriza galimotochi chimavulaza anthu. Bampala yakufakitale imapindika ikagunda chinthu, motero imachepetsa mphamvu ya kugundako. Yachitsulo sipindika msanga, choncho mphamvu yambiri imathera pa wogundidwayo. Pachifukwa ichi, m'chaka cha 2005 bungwe la European Union linakhazikitsa lamulo loti zitsulo zotere ziziyesedwa kaye ngati sizingavulaze kwambiri oyenda pansi.

Pomaliza, woika bampala akumbukire kuti galimoto yokwera mapiri ndi yomweyo yodutsa pakati pa ana asukulu ndi akabaza pa Mponela. Pamenepo chofunika ndi kuchepetsa liwiro.